Kodi ntchito ya katswiri wa Semantic Web ngati Ian Horrocks tingaiyeze ndi chiyani?

Funso: Ndikumaliza digiri yachiwiri ya zamakompyuta ndipo ndikulingalira zodzachita PhD pa nkhani ya Semantic Web, ntchito yolemba deta ya pa intaneti m'njira yoti makompyuta azimva tanthauzo lake. Dzina lomwe ndikungokumana nalo paliponse ndi la Pulofesa Ian Horrocks a ku Oxford. Pa Google Scholar mapepala awo atchulidwa kambirimbiri, koma pafupifupi pepala lililonse analemba ndi anthu ena, ndiye sindikudziwa kuti chawochawo n'chiti. Komanso mnzanga wina akuti Semantic Web inafa kalekale. Nanga manambala onsewa akutanthauza chiyani?

Yankho: Manambala mwaonawo ndi oona, ndipo ndi aakulu ndithu. Mapepala a Horrocks atchulidwa maulendo zikwi makumi angapo. Koma mukangoimira pomwepo simudziwa chimene bamboyu anachita, ndipo mukhoza kusankha molakwika kokaphunzira. Ine ndimafunsa funso lina. Kodi chilipo chinthu chimene anthu ankati n'chosatheka, kapena chimene ankalephera kumvana, chomwe lero akuchigwiritsa ntchito osaganizanso kawiri chifukwa munthuyu anaikapo dzanja? Kwa a Horrocks chilipo, ndipo mayina ambirimbiri akukusokonezani pamapepalawo ndi mbali ya umboni wake. Tiyambire ku Manchester, chifukwa nkhani yawo sinayambire pa intaneti n'komwe. Inayambira pa mawu a kuchipatala.

M'zaka za m'ma 1990, ku University of Manchester kunali gulu lotsogoleredwa ndi Alan Rector, dokotala yemwe analowa m'zamakompyuta. Gululi linkagwira ntchito ya GALEN, pulojekiti ya mayiko a ku Ulaya yofuna kulemba mawu a zachipatala m'njira yoti kompyuta izitha kuwatsatira. Vuto lake mukhoza kuliona chonchi. Tiyerekeze kuti kalaliki wa pachipatala walemba kuti mwana wagonekedwa ndi malungo a mu ubongo. Mkulu wa zaumoyo akufunsa kompyuta kuti ndi ana angati agonekedwa mwezi uno ndi matenda ofalitsidwa ndi udzudzu. Kompyuta yongofananiza zilembo siimuwerengera mwana uja, poti mawu oti udzudzu palibe pa fomu yake. Koma ikauzidwa mfundo zingapo, kuti malungo a mu ubongo ndi mtundu wa malungo, kuti malungo amayambitsidwa ndi kachilombo ka Plasmodium, ndiponso kuti kachilomboka kamafalitsidwa ndi udzudzu, ikhoza kufika yokha pa yankho loyenera. Mfundo zotere, zolembedwa mosalola matanthauzo awiri, zikasonkhanitsidwa pamodzi zimatchedwa ontology. Pulogalamu yomwe imatenga mfundozo n'kutulutsamo zina zomwe sizinalembedwe, kapena kuchenjeza kuti ziwiri mwa izo zikutsutsana, imatchedwa reasoner. Masamu omwe ali pansi pa zonsezi ndi description logic.

Mfundo zitatu si nkhani. Nkhani imabwera zikafika zikwizikwi, chilichonse chikuloza chinzake. Mu 1984 Ron Brachman ndi Hector Levesque anaonetsa kuti chilankhulo cholembera mfundo chikangoonjezeredwa mphamvu pang'ono, ntchito ya kompyuta imalemera modabwitsa. Mu 1989 Manfred Schmidt-Schauß anatsimikiza kuti pa KL-ONE, yomwe inali kholo la mapulogalamu a mtunduwu, palibe njira iliyonse yomwe ingayankhe mafunso onse n'kumaliza. Akatswiri ambiri anatengapo phunziro loti chilankhulo chizikhala chochepa mphamvu kuti kompyuta izimaliza msanga, ndipo pulogalamu ya CLASSIC ya ku Bell Labs inatsata maganizo amenewa. Koma madokotala a GALEN sakanatha kufotokoza thupi la munthu ndi chilankhulo chomangidwa miyendo chotero.

Apa ndi pomwe pali chawochawo cha a Horrocks, ndipo ngati mukufuna ntchito yomwe anagwira ndi manja awo, werengani zomwe analemba pa PhD yawo ya 1997 komanso pepala lomwe analemba okha ku msonkhano wa KR mu 1998. Anapanga pulogalamu yotchedwa FaCT, yogwiritsa ntchito njira ya tableau. Njirayi imayenda motere: pofuna kutsimikiza kuti A ndi mtundu wa B, pulogalamu imayesa kumanga chitsanzo cha chinthu chomwe ndi A koma si B. Ikayesa njira zonse n'kugunda khoma paliponse, ndiye kuti mfundo ija ndi yoona. Chovuta n'chakuti paliponse pomwe pali mawu oti "kapena", njira imagawika pawiri, ndipo magawidwe makumi atatu okha amabala njira zoposa biliyoni imodzi. A Horrocks sanasinthe masamuwo ayi. Anachita khama pa mmene pulogalamu imayendera m'njirazo. Mwachitsanzo, pulogalamu ikagunda khoma, m'malo mobwerera sitepe imodziimodzi imakumbukira chisankho chenicheni chomwe chabweretsa kutsutsanako n'kulumphira pomwepo, kusiya njira zonse zapakati zomwe zikanathera pa khoma lomwelo. Anapezanso kalembedwe kena ka mfundo zikuluzikulu, koti pulogalamu izizigwiritsa ntchito pokhapokha zikafunika, osati pa chinthu chilichonse. Atayesa pa ontology yeniyeni ya GALEN, zinatheka.

Taonani mtundu wa chopezachi. Mathiyoremu aja anali oonabe, ndipo mpaka lero mukhoza kulemba mwadala ontology yaing'ono yomwe ingaumitse reasoner iliyonse. Chimene FaCT inasonyeza n'chakuti mfundo zomwe anthu amalemba pa ntchito zenizeni kawirikawiri sizikhala za mtundu woipitsitsawo. Izi zinasintha chikhulupiriro cha gulu lonse la akatswiri. Peter Patel-Schneider, yemwe anali m'gulu lija la CLASSIC, anapanga pulogalamu yake ya DLP n'kuyamba kuyerekezera zotsatira ndi a Horrocks, mpaka kulembera limodzi mapepala. Ku Hamburg, Volker Haarslev ndi Ralf Möller anapanga RACER. Patapita zaka, ku Maryland kunatuluka Pellet. Munthu akapangitsa anzake odziwa ntchito kusiya njira yomwe ankaikhulupirira n'kuyamba kupikisana naye pa njira yake, ameneyo wagwira ntchito, kaya manambala anena zotani.

Tsono mayina ena aja amabwera chifukwa chiyani? Tengani dzina la Ulrike Sattler, lomwe mulipeza pambali pa la Horrocks kwa zaka zambiri. Pulogalamu ikhoza kuthamanga koma n'kumapereka yankho lolakwika mwa apo ndi apo, kapena kungozungulira osamaliza. Pamafunika munthu wotsimikiza ndi masamu kuti njirayo imamaliza nthawi zonse ndipo siinama. Sattler ndi Stephan Tobies anachokera m'gulu la Franz Baader ku Aachen, komwe luso la kutsimikizali linali lakuya. Pepala la atatuwa la 1999 ndi limodzi mwa omwe anakhazikitsa logic yotchedwa SHIQ. Wina anabwera ndi pulogalamu komanso mavuto a madokotala, ena anabwera ndi umboni wa masamu, ndipo palibe mmodzi mwa iwo akanalemba pepalalo payekha.

Pali chitsanzo chimodzi chomwe ndimachikonda chifukwa chimaonetsa ulendo wonse wa funso kuchokera m'wodi kukafika mu muyeso (standard) wa dziko lonse lapansi. Fupa la ntchafu lili ndi kambali kopapatiza pafupi ndi m'chiuno, kamene madokotala amakatcha khosi la fupalo, ndipo okalamba akagwa kawirikawiri limathyoka pamenepo. Dokotala aliyense amadziwa kuti pakathyoka pakhosipo ndiye kuti fupa la ntchafu lathyoka. Kompyuta siingadziwe, pokhapokha chilankhulo chikalola kulemba lamulo loti chovulala chikakhala pa kagawo ka chinthu, ndiye kuti chili pa chinthucho. A GALEN ankalifuna lamuloli kuyambira kale. Koma malamulo otere mukawalola mwachisawawa, kompyuta imagwera m'dzenje lija la mafunso osatha. Horrocks ndi Sattler anagwira ntchito yopeza malire ake, kuti aloledwe mpaka pati. Zotsatira zake zinalowa mu logic yotchedwa SROIQ, yomwe anaifotokoza mu 2006 pamodzi ndi Oliver Kutz, ndipo SROIQ ndiyo maziko a OWL 2, mtundu wachiwiri wa OWL, chilankhulo chovomerezeka cholembera ontology pa intaneti. Mukaona pepala la mayina atatu, dziwani kuti kumbuyo kwake kungakhale dokotala yemwe dzina lake silinalembedwepo n'komwe.

Za intaneti zinabwera cha m'ma 2000. Bungwe la W3C, lomwe limakhazikitsa miyeso ya pa intaneti, linali litatulutsa kale RDF mu 1999, njira yolembera deta m'timfundo ta magawo atatu: chinthu, ubale, ndi chinthu china. Ku Ulaya, Dieter Fensel, Frank van Harmelen, a Horrocks ndi anzawo anapanga chilankhulo chotchedwa OIL. Ku America, bungwe la kafukufuku wa asilikali la DARPA linali ndi ntchito yake ya DAML, yomwe anaiyambitsa James Hendler. Magulu awiriwa akanatha kupikisana mpaka kugawa anthu pakati, koma anakhala pansi n'kuphatikiza ntchito zawo kukhala DAML+OIL mu 2001, chaka chomwecho chimene Tim Berners-Lee, Hendler ndi Ora Lassila analemba nkhani yawo yotchuka ya Semantic Web m'magazini ya Scientific American. Kenaka W3C inakhazikitsa komiti, motsogozedwa ndi Hendler ndi Guus Schreiber, ndipo pa 10 February 2004 OWL, yomangidwa pa DAML+OIL, inavomerezedwa.

Musaganize kuti kukomitiko kunali kungogwedezerana mitu. Panali mkangano weniweni. A mbali ya RDF ankafuna ufulu woti chilichonse chizitha kunenedwa za chilichonse, monga mmene intaneti ilili. A mbali ya description logic ankati mukalola zimenezo palibe pulogalamu yomwe ingalonjeze yankho. Mapeto ake OWL inatuluka m'mitundu itatu, OWL Lite, OWL DL ndi OWL Full, ndipo aliyense wodziwa nkhaniyi akaona mitundu itatuyi amaona zipsera za mkanganowo. Horrocks, Patel-Schneider ndi van Harmelen anafotokoza mosabisa zomwe anagonjerana m'pepala lawo la 2003, m'voliyumu yoyamba ya Journal of Web Semantics. Ndikukulimbikitsani kuliwerenga, chifukwa limaphunzitsa mmene sayansi imasandukira mgwirizano. Chinanso chimene ambiri sachidziwa n'chakuti pomwe OWL inkavomerezedwa, njira ya tableau yogwira OWL DL yonse inali isanapezeke. Horrocks ndi Sattler anaitulutsa mu 2005, chaka chimodzi muyeso utatuluka kale.

Chimene chimandichititsa kuwalemekeza kwambiri chinachitika pa OWL 2, yomwe inavomerezedwa mu October 2009, a Horrocks ali wapampando wa komiti limodzi ndi Alan Ruttenberg. Moyo wawo wonse wa kafukufuku unali wosonyeza kuti zilankhulo zamphamvu n'zotheka. Koma mu 2005, ku Dresden, Baader, Sebastian Brandt ndi Carsten Lutz anasonyeza kuti pali chilankhulo chochepa, cha banja la EL, chomwe kompyuta imachimaliza msanga koma n'chokwanira pa ontology zikuluzikulu za zachipatala monga SNOMED CT, yomwe ili ndi mfundo za matenda, ziwalo ndi mankhwala zoposa 300,000. Ku Italy, Diego Calvanese, Giuseppe De Giacomo, Maurizio Lenzerini ndi anzawo anali ndi DL-Lite, yoyenerera kufunsa mafunso pa madatabase wamba. Tingati anthuwa ankabwerera ku maganizo aja omwe FaCT inawatsutsa, ngakhale anabwerera ndi nzeru zatsopano. OWL 2 inalandira zonsezi monga magawo ake ovomerezeka, EL, QL ndi RL. Ndipo ku Oxford komweko, m'dipatimenti ya a Horrocks, Yevgeny Kazakov, Markus Krötzsch ndi František Simančík anapanga reasoner ya EL yotchedwa ELK, yomwe mu 2011 inasanja SNOMED CT yonse m'masekondi ochepa. Pulofesa wongofuna kutchuka akanakakamira njira yake. Apa njira ya ena inapatsidwa malo mu muyeso, ndipo inakulira pakhomo pawo pomwe.

Mwina tsopano mwayamba kuona pomwe manambala amaperewera. Ntchito ikapambana kwenikweni m'gawo lino, anthu amasiya kuitchula. Zili ngati ndowa yoyezera chimanga pamsika: ogula ndi ogulitsa onse amaidalira tsiku ndi tsiku, koma palibe amafunsa yemwe anayamba kunena kuti muyeso ukhale umenewu. Katswiri wa zamoyo yemwe amatsegula Protégé, pulogalamu ya ku Stanford ya gulu la Mark Musen, n'kudina batani loti reasoner ione ngati ontology yake ili bwino, salemba dzina la Horrocks paliponse. Gene Ontology ndi ontology zina zambiri za sayansi ya zamoyo zimafalitsidwa mu OWL. Ntchito yokonza ICD-11, mndandanda wa matenda wa bungwe la WHO womwe unayamba kugwira ntchito mu January 2022, inagwiritsa ntchito chida chomangidwa pa Protégé. Zonsezi h-index, nambala yoyezera kutchulidwa kwa mapepala a katswiri, siiziona. Jorge Hirsch anaipanga h-index mu 2005 poganizira makamaka akatswiri a fizikisi, ndipo imangowerenga mapepala otchula mapepala anzawo. Imakwezanso kwambiri zikalata za komiti ndi mapepala ofotokoza mwachidule gawo lonse, chifukwa aliyense wofuna kungotchula OWL m'ndime yoyamba amaloza pamenepo, ngakhale sanawerenge. Ndiye mbali ina manambala amachepetsa ntchito ya munthu, mbali ina amaikuza, ndipo simungadziwe kuti zachitika ziti osatsegula mapepalawo.

A Horrocks anasamukira ku Oxford mu 2007, ndipo mu 2011 anasankhidwa kukhala Fellow wa Royal Society. Za ku Oxford ndingozidutsa mwachangu. Kunatuluka HermiT, reasoner yomwe Boris Motik anali patsogolo pake pamodzi ndi Rob Shearer ndi Birte Glimm. Kunali pulojekiti ya Optique, kuyambira 2012 mpaka 2016, momwe mayunivesite angapo anagwira ntchito ndi Siemens komanso kampani ya mafuta ya ku Norway ya Statoil, yomwe pano ndi Equinor, kuti mainjiniya azifunsa deta m'mawu a ntchito yawo osadikira wina kuwalembera SQL, chilankhulo chofunsira madatabase. Kunabweranso RDFox, yosunga deta m'memory n'kumalingalira pa mapurosesa ambiri nthawi imodzi. Mu 2017 Horrocks, Motik ndi Bernardo Cuenca Grau anakhazikitsa kampani ya Oxford Semantic Technologies, ndipo mu July 2024 Samsung inalengeza kuti ikuigula, ponena kuti ikufuna lusoli m'zipangizo zake. Kugulidwa ndi kampani yaikulu si umboni woti sayansi yake ndi yolondola, koma ndi umboni woti wina kunja kwa yunivesite anaiona kuti ndi yaphindu mpaka kutulutsa ndalama.

Nanga mnzanu uja akunama? Sakunama kotheratu, ndipo musamunyoze. Loto la 2001 linali loti masamba a pa intaneti adzalembedwa ndi matanthauzo omveka kwa makina, ndipo timapulogalamu tidzayendayenda tokha kukupanganirani nthawi ndi dokotala ndi kukonza zina zotero. Zimenezo sizinachitike monga zinalembedwera. Anthu wamba opanga mawebusaiti sanaphunzire OWL, ndipo panalibe chifukwa choti aiphunzire. Chomwe chinafalikira pa intaneti ndi schema.org, mndandanda wa mawu osonyeza tanthauzo la zomwe zili pa tsamba, yomwe Google, Microsoft ndi Yahoo anayambitsa mu 2011, ndipo ndi yosavuta dala, yopanda masamu olemera aja. Hendler mwiniwake wakhala akunena kwa zaka zambiri kuti matanthauzo ochepa chabe amakufikitsa kutali.

Palinso cholakwika china chomwe ogwiritsa ntchito anachimva kuwawa. OWL imaganiza kuti chimene sichinalembedwe sichidziwika chabe, osati kuti n'chabodza. Mukalemba lamulo loti wodwala aliyense ali ndi tsiku lobadwa, kenaka n'kulowetsa wodwala wopanda tsikulo, reasoner siidandaula. Imangoti tsikulo lilipo kwinakwake, sitinauzidwe. Pa masamu zimenezi n'zolondola, koma woyang'anira deta pachipatala kapena kubanki amafuna kompyuta imuuze kuti fomu iyi ndi yosakwanira. Zinatenga mpaka 2017 kuti W3C itulutse SHACL yogwira ntchito imeneyi. Ine ndimaona kuti gulu la description logic, a Horrocks ali momwemo, linachedwa kumva dandauloli, ndipo kuchedwako kunathawitsa anthu ambiri omwe akanakhala abwenzi a OWL.

Koma kunena kuti inafa ndi kuweruza ndi dzina lokha. Google itayamba kulankhula za Knowledge Graph, nkhokwe yake ya mfundo zolumikizana, mu 2012, makampani anatengera dzinalo, ndipo zambiri zomwe kale zinkatchedwa Semantic Web lero zikugulitsidwa ngati knowledge graph. Chaka chomwecho kunabadwa Wikidata, nkhokwe yaulere ya deta ya bungwe la Wikimedia, motsogozedwa ndi Denny Vrandečić, ndipo Krötzsch uja wa ELK anathandiza kukonza kapangidwe ka deta yake. Wikidata siigwiritsa ntchito reasoner ya OWL monga akanafunira a description logic, komabe deta yake imatulutsidwa mu RDF ndipo imafunsidwa ndi SPARQL, chilankhulo chofunsira chomwe W3C inavomereza mu 2008. Malawi ali mmenemo ndi nambala yake, Q1020, ndipo mukhoza kulemba funso lero lomwe lofuna maboma onse a dziko lino n'kulandira yankho. OWL yamphamvu ija inakhazikika m'malo momwe kulakwitsa kumadula, monga zachipatala, sayansi ya zamoyo ndi zamainjiniya. Pa intaneti ya aliyense panapambana zinthu zopepuka. Munthu woona mtima ayenera kunena zonse ziwiri.

Tsopano za mmene inuyo mungawerengere mndandanda wa olemba anzake a katswiri aliyense, osati a Horrocks okha. Siyani kaye Google Scholar mutsegule DBLP, nkhokwe ya mapepala a zamakompyuta yomwe Michael Ley anaiyambitsa ku Trier. Yang'anani mayina omwe akubwerezedwa kwa zaka khumi kapena kuposerapo, chifukwa anthu sapitiriza kulemba ndi munthu yemwe sawathandiza. Dongosolo la mayina lisakupusitseni: m'mapepala ambiri a masamu a kompyuta mayina amangotsata alifabeti, pomwe m'mapepala a mapulogalamu woyamba amakhala yemwe anagwira ntchito yaikulu, wotsiriza n'kukhala mkulu wa gulu. Kumbukiraninso kuti m'zamakompyuta misonkhano monga KR, IJCAI, AAAI ndi ISWC imalemera mofanana ndi majenale, nthawi zina kuposa. Izi zimavutitsa anzathu ambiri pokwezedwa pantchito m'mayunivesite momwe komiti imangowerenga majenale, ndipo ndi bwino kuzidziwiratu.

Koma funso lomwe likukhudza inu mwachindunji ndi lakuti: achinyamata omwe anadutsa m'manja mwa munthuyu ali kuti lero, ndipo akuchita zawozawo kapena akungobwereza za mphunzitsi wawo? Glimm ndi Kazakov anapita ku Ulm, Krötzsch ku Dresden, Motik ndi Cuenca Grau ndi mapulofesa ku Oxford, ndipo aliyense ali ndi njira yake yodziwika. Cuenca Grau ali pa pepala la Pellet, pulogalamu yomwe inkapikisana ndi ya ku Manchester. Gulu lomwe limakoka anthu ochokera kwa opikisana nalo n'kuwatulutsa ali odziimira paokha ndi gulu labwino kuphunziramo. Dziwaninso kuti pulofesa wamkulu chotere sakhala ndi nthawi yokhala nanu pansi sabata iliyonse. Nthawi zambiri yemwe adzakuphunzitseni ntchito ndi wachiwiri kapena wachitatu pamndandanda uja. Choncho werengani mapepala a achinyamatawo a zaka zitatu zapitazi, ndipo kalata yanu yoyamba ipite kwa amene ntchito yake mwaimvetsa.

Mukapita, musapite manja ali m'thumba ngati wongokalandira. Muli ndi vuto lomwe a ku Oxford alibe. Ontology ikalembedwa, pamafunika kuti dokotala kapena mlangizi wa zaulimi aiwerenge m'chilankhulo chake n'kuvomereza kuti ndi yolondola. Pa Chingerezi ndi zosavuta, umangokonza chiganizo chokhala ndi mipata n'kumalowetsamo mayina. Pa zilankhulo zathu njira imeneyi imagwa, chifukwa dzina likasintha chiganizo chonse chimasintha nalo: galu aliyense, mtengo uliwonse, chipatso chilichonse, nyumba iliyonse. Pulogalamu iyenera kudziwa gulu la dzina lililonse isanalembe kanthu. Maria Keet, ali ku University of Cape Town, anagwira ntchito imeneyi pa Chizulu pamodzi ndi katswiri wa zilankhulo Langa Khumalo, ndipo Joan Byamugisha anachita zofanana pa Runyankore ya ku Uganda. Onani kuti apanso ndi wa zamakompyuta ndi wa zilankhulo atakhala pamodzi, monga zinalili ndi dokotala ndi wa masamu ku Manchester. Ntchito yotereyi ikufunikanso pa Abstract Wikipedia, pulojekiti yomwe Vrandečić anayambitsa ndipo bungwe la Wikimedia linaivomereza mu 2020, yofuna kuti mfundo zolembedwa kamodzi zizitha kutulutsidwa m'zilankhulo zambiri. Mapulogalamu ngati ChatGPT amalemba ziganizo zosalala, koma sangakulonjezeni kuti chiganizo chomwe atulutsa chikunena ndendende zomwe zili mu ontology, ndipo pa nkhani ya mankhwala lonjezo limenelo ndilo lofunika.

Musanalembere aliyense, tsitsani Protégé, ndi yaulere. Tengani nkhani yomwe mukuidziwa bwino, kaya ndi matenda a ana kapena mitundu ya mbewu, mulembe mfundo makumi angapo, muyendetse HermiT, muone pomwe ikukutsutsani. Kenaka yesani kulemba kapulogalamu kotembenuza mfundozo kukhala ziganizo za Chichewa cholondola, ndipo mupeze mnzanu wa ku dipatimenti ya zilankhulo akuthandizeni pa magulu a mayina. Pomwe kapulogalamuko kakanikire, lembani bwinobwino chimene chakanika ndi chifukwa chake, ndipo zimenezo muziike m'kalata yanu yofunsira malo.